Dzino Likugwedera, Mafupa Akufooka: Tiyambe N'chiti?

Moni a ku Migowi ndi ku Chiringa, a kwa Nkhulambe ndi kwa Nazombe, inu a m'tsinde mwa phiri la Michesi, ndi inu asodzi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Ngati pakhomo panu pali agogo, aitaneni akhale pafupi ndi wailesi. Nkhani ya lero ndi yawo. Ndi nkhani ya mano ndi mafupa.

Funso lake ndi ili. Mayi wachikulire wapezeka ndi matenda ofooketsa mafupa, ndipo adokotala akufuna kumuyambitsa mankhwala. Koma m'kamwa mwake muli dzino lobooka, lina likugwedera. Wamvanso kuti mankhwalawo nthawi zina amavutitsa nsagwada munthu akazulitsa dzino. Achite chiyani mayi ameneyu? Akane mankhwala kuti apulumutse nsagwada? Kapena ayambe kumwa, za mano azione pambuyo?

Yankho tiliperekeretu, kuti ngakhale mabatire atakutherani panjira mukhale mutalimva. Mano akonzedwe kaye, mwachangu, kenako mankhwala a mafupa ayambike. Mankhwala asakanidwe chifukwa cha mantha a nsagwada. Tibwereze. Mano kaye, mwachangu, kenako mankhwala. Tsopano tione chifukwa chake.

Tiyambe ndi mafupa.

Anthu ambiri amaganiza kuti fupa likakhwima lakhwima basi. Si choncho ayi. Fupa ndi lamoyo. Lili ndi mitsempha ya magazi, ndipo limakonzedwa tsiku ndi tsiku. M'kati mwake muli timaselo ta mitundu iwiri. Tina timachotsa fupa lakale lotopa. Tina timabwera pambuyo kudzaikapo latsopano. Munthu akadali wachinyamata, toikapo timaposa tochotsa, ndipo mafupa amapitirira kulimba mpaka cha m'ma zaka 30. Kuchokera pamenepo zinthu zimayamba kupendekeka pang'onopang'ono.

Kwa amayi kupendekekako kumathamanga akasiya msambo. Thupi limachepetsa mahomoni otchedwa estrogen, omwe ankagwira dzanja timaselo tochotsa fupa tija. Tikamasuka, timachotsa zambiri kuposa zomwe zikubwezeredwa. Fupa limayamba kukhala ndi timibowo m'kati. Madokotala amatcha matendawa osteoporosis.

Aliyense wa kuno amadziwa mzati wodyedwa ndi chiswe. Kunja umaoneka wabwinobwino, ndipo denga lili chikhalire pamwamba pake. Tsiku lina mbuzi ingoukhula pang'ono, mzati uja phwa! Fupa lofooka lili chimodzimodzi. Silipweteka. Silitupa. Silipereka chizindikiro. Paja akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma.

Nanga matendawa amadziwika bwanji? Makina oyezera kulimba kwa mafupa ndi osowa m'dziko muno. Choncho ku Phalombe kuno chizindikiro choyamba kawirikawiri chimakhala kuthyoka kumene. Agogo aterereka pamatope a pamjigo, atchinjiriza ndi dzanja, mkono wathyoka pafupi ndi chikhatho. Kugwa kwake n'kochepa, koti mdzukulu wawo akanangodzuka n'kusasa fumbi. Kuchipatala awaika chikhakha, abwerera kwawo, nkhani yatha. Komatu nkhani sinathe. Munthu wopitirira zaka 50 akathyoka fupa chifukwa chongogwa ali chiimire, mkonowo ukunena za mafupa onse a m'thupi mwake.

Chizindikiro china chili pamsana. Mukuwakumbukira mayi aja anali aatali, osenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri osapumira? Lero afupika, msana wapindika, akuyenda ataweramira pansi. Anthu amangoti ndi ukalamba. Ena amafika ponena kuti alodzedwa. Koma nthawi zambiri ndi timafupa ta msana tomwe taphwanyika n'kuphwatalala, kamodzikamodzi, mwina osamva n'kuwawa kwenikweni. Akatswiri a mafupa amati padziko lonse, mwa amayi atatu opitirira zaka 50, mmodzi adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa. Abambo nawo sapulumuka. Kwa iwo ndi mmodzi mwa asanu.

Kuthyoka koopsa kuposa konse ndi kwa fupa la m'chiuno, pamene mwendo umalumikizana ndi thupi. Apa mvetserani bwino, chifukwa nkhani yonse ya lero yatsamira pamenepa. Munthu wothyoka pamenepa sadzuka. Ngati mwayi wa opaleshoni sunapezeke msanga, amagona pabedi masabata ambiri, mwendo ataukoka ndi chingwe chomangirira chinthu cholemera. Kugona kotereku kumabweretsa zilonda za pamsana ndi m'matako. Kumabweretsa chibayo. Magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Ngakhale m'mayiko olemera, momwe opaleshoni imachitika tsiku lomwelo kapena mawa lake, pafupifupi mmodzi mwa okalamba asanu othyoka m'chiuno samaliza chaka ali moyo. Ambiri mwa otsalawo sayendanso ngati kale.

Ndipo banja lonse limagona nawo pabedipo. Mwana wamkazi amasiya munda n'kukakhala gadiyani kuchipatala. Nandolo amalowa m'thengo. Mpunga sunaokeredwe. Adzukulu omwe ankaleredwa ndi agogowo amasowa wowaphikira phala popita kusukulu. Fupa lathyoka ndi limodzi, koma nkhokwe ya chaka chonse yagwedezeka.

Ndani ali pachiopsezo chachikulu? Amayi omwe adasiya msambo, makamaka ochepa thupi. Osuta fodya ndi okonda kachasu. Palinso anthu omwe amwa prednisolone kwa miyezi yambiri chifukwa cha mphumu kapena kuphwanya kwa m'malo olumikizana mafupa, nthawi zina ongodzigulira okha. Mapiritsi amenewa amathandiza, koma akamwedwa nthawi yaitali amadya mafupa. Kachilombo ka HIV nako kamafooketsa mafupa, ndipo tenofovir, yemwe ali m'gulu la ma ARV omwe ambiri akumwa, amachepetsako pang'ono kulimba kwa fupa. Apa pasakhale kusamvana. Wa ma ARV asasiye ma ARV. Ndi amene amusunga mpaka kufika pa msinkhu woti n'kumakamba za ukalamba. Chofunika n'chakuti akamakula, azifunsa kuchipatala za mafupa ake.

Tamva za mafupa. Tsopano tilowe m'kamwa.

Dzino silimera pamnofu. Limazikika m'fupa la nsagwada, ndipo usinini umangokuta pamwamba. Mano a anthu akuluakulu amatha m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kubooka. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya shuga wotsalira m'kamwa, wa mu tiyi, wa m'masiwiti ndi zakumwa za m'mabotolo, n'kutulutsa asidi yemwe amaboola dzino. Yachiwiri ndi matenda a usinini. Litsiro limaunjikana m'tsinde mwa dzino n'kuuma gwa. Usinini umatupa, umatuluka magazi potsuka, m'kamwa mumanunkha. Pansi pake fupa logwira dzino limasungunuka pang'onopang'ono. Kenako dzino lomwe silinabooke n'komwe limayamba kugwedera.

Kodi matenda ofooketsa mafupa ndi amene amagwetsa mano? Paokha ayi. Wogwetsa mano wamkulu ndi matenda a usinini. Koma nsagwada ndi fupa ngati mafupa ena onse. Ikakhala yofooka kale, matenda a usinini amapeza ntchito yophweka. N'chifukwa chake mayi amene mano ake ayamba kugwedera motsatizana atasiya msambo ayenera kuganiziridwa mbali zonse ziwiri, m'kamwa ndi m'mafupa momwe.

Amayi ena amakhulupirira kuti mimba iliyonse imawalanda dzino, kuti mwana amayamwa mphamvu ya mano a mayi ake. Mwana satenga kanthu m'dzino. Chimene chimachitika n'chakuti pa nthawi ya pakati usinini umatupa msanga, kusanza kumabweretsa asidi m'kamwa, ndipo kutsuka mano kumaiwalika. Dzino lotayika pa mimba linali lotheka kulipulumutsa.

Pali ubale wina wa mano ndi mafupa womwe sukambidwa kawirikawiri, koma kuno kwathu ndi waukulu. Ubale umenewu uli m'mbale.

Mafupa amamangidwa ndi kashiamu. M'mayiko ena anthu amamupeza mu mkaka. Kuno mkaka ndi wa apo ndi apo, ndipo nsima ya ufa woyera ili ndi kashiamu wochepa kwambiri. Nanga anthu a ku Phalombe amamupeza kuti? M'matemba a ku Chilwa. Mu usipa ndi bonya. Tinsomba timeneti timadyedwa tathunthu, mutu ndi minga yomwe, ndipo m'minga ndi momwe muli chuma cha mafupa. Amamupezanso m'masamba monga bonongwe, nkhwani, chigwada ndi cham'mwamba, komanso m'mawere a thobwa. N'chifukwa chake nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga idachitira mu 1995 ndi mu 2018, chimene chimasowa si ndalama za asodzi zokha. Mbale za m'midzi yonse yozungulira zimasaukanso.

Tsono taganizirani agogo omwe mano a m'mbali adatha. Matemba okazinga awaika patsogolo pawo. Amangonyambita msuzi, nsombazo n'kukankhira adzukulu. Chimanga chokazinga adasiya kalekale. Mtedza adasiya. Chatsala ndi phala, nsima yofewa ndi tiyi wothira shuga wambiri. Thupi limayamba kuchepa. Minofu ya m'miyendo imafota, ndipo kugwa kumayandikira. Mano atha, kudya kwasintha, mafupa afooka. Ndi njira imodzi yomweyo.

Apa pali chomwe banja lingachite lero lomwe, osadikira dokotala. Matemba kapena bonya aumitsidwe bwino, asinjidwe mumtondo mpaka akhale ufa. Ufa umenewo uzithiridwa m'phala la agogo, kapena m'ndiwo zamasamba zotendera. Wopanda mano asamanidwe nsomba. Nsombayo ingosintha maonekedwe. Dzuwa la m'mawa nalo ndi mankhwala, chifukwa limathandiza khungu kupanga vitamini D, yemwe amalowetsa kashiamu m'thupi. Agogo odwaladwala asamangobindikiritsidwa m'nyumba.

Tsopano tifike pa mankhwala, pomwe pagona mkangano wa lero.

Mankhwala odziwika kwambiri a matendawa ndi piritsi lotchedwa alendronate, lomwe lidayamba kugwiritsidwa ntchito ku America mu 1995. Limamwedwa kamodzi pa sabata, m'mawa munthu asanadye kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi. Akamwa sagona kapena kudya kwa theka la ola, kuopa chilungulira ndi zilonda za kummero. Palinso zoledronic acid, wolowa kudzera mu diripi kamodzi pa chaka. Wachitatu ndi jakisoni wotchedwa denosumab, wobayidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Onsewa ntchito yawo ndi imodzi. Amachepetsa liwiro la timaselo tochotsa fupa tija. Fupa limapeza mpata wolimba. Kwa munthu amene mafupa ake ndi ofooka, chiopsezo chothyoka msana chimatsika ndi pafupifupi theka, ndipo cha m'chiuno chimatsikanso kwambiri.

Koma walira mvula walira matope. Mu 2003, dokotala wa opaleshoni ya nsagwada wa ku Miami m'dziko la America, Robert Marx, adalemba za odwala omwe ankabwera kwa iye ndi vuto lachilendo. Ambiri anali atazulitsa dzino, koma chilonda osapola. Fupa la nsagwada linkaonekera poyera, louma, lakufa. Atafufuza adapeza kuti onsewo ankalandira mankhwala a mtundu umenewu kudzera m'mitsempha, pafupifupi onse chifukwa cha khansa. Kuchokera nthawi imeneyo, madokotala a mano padziko lonse amafunsa za mankhwalawa asanagwire chitsulo chozulira.

N'chifukwa chiyani nsagwada, osati mwendo kapena mkono? Mafupa ena adakwiririka pansi pa minofu ndi khungu. Nsagwada yokha ndiyo yakutidwa ndi kachikopa kopyapyala, ndipo mano adaiboola n'kutulukira kunja. M'kamwa mumakhala tizilombo tochuluka usana ndi usiku. Dzino likazulidwa, pamatsala dzenje m'fupa. Kuti dzenjelo litsekeke, timaselo tochotsa fupa lowonongeka tiyenera kugwira ntchito kaye, tomanga tibwere pambuyo. Mankhwala aja akatigwira mwamphamvu kwambiri, ndiye tizilombo n'kulowapo, kupola kumatha kuima.

Zoopsa ndithu. Koma funso la munthu wanzeru ndi lakuti, zimachitika kangati?

Apa pali magulu awiri, ndipo asasokonezedwe. Gulu loyamba ndi la odwala khansa yomwe yafalikira m'mafupa, monga ya m'mawere kapena ya prostate. Awa amalandira mankhwalawa ambiri, pafupipafupi, ena mwezi ndi mwezi. Mwa anthu 100 otere, mmodzi kapena angapo amakumana ndi vuto la nsagwada. Gulu lachiwiri ndi la agogo athu a mafupa ofooka, omwe mlingo wawo ndi wochepa kwambiri. Mwa iwo, okumana ndi vutoli sakwana ngakhale mmodzi pa anthu 1,000.

Tsono ikani ziwirizi pasikelo. Mbali iyi, vuto la nsagwada lomwe ndi losowa, ndipo likagwidwa msanga nthawi zambiri limathandizika ndi mankhwala otsukira m'kamwa, opha tizilombo, kapena kuchotsa kachidutswa ka fupa lakufalo. Mbali inayo, kuthyoka m'chiuno, komwe kumagoneka munthu miyezi ndipo kumapha. Kwa mayi amene wathyokapo kale mkono kapena msana, sikelo sikayika. Kukana mankhwala chifukwa choopa nsagwada ndi kusankha ngozi yaikulu pothawa yaing'ono.

Izi sizikutanthauza kuti mano anyalanyazidwe. Ayi. Ngozi yaing'onoyo ingathe kuchepetsedwanso, ndipo njira yake ndi ija tanena poyamba. Mano kaye, mwachangu, kenako mankhwala.

Tiyerekeze mayi wa ku Nambazo, wa zaka za m'ma 60. Wathyoka mkono pogwa pakhonde. Ana ake amutengera ku Blantyre, ndipo dokotala wanena kuti mafupa ndi ofooka, ayambe mapiritsi. Asanameze loyamba, mayiyu apite kwa a mano. Akafika anene momveka: "Adokotala, andiuza kuti ndiyambe mankhwala a mafupa. Ndati mundione kaye m'kamwamu." Wa mano adzayang'ana dzino lililonse. Lotheka kumata alimate. Litsiro louma la m'tsinde mwa mano alipale. Lomwe latheratu, loti ngakhale atalisiya lidzafuna kuzula chaka chamawa, lizulidwe panopa. Pakapita masabata ochepa usinini utatseka, mapiritsi ayambike.

Tamvani mawu akuti masabata. Sitinati chaka. Miyezi yoyamba munthu atathyoka fupa ndi imene chiopsezo chothyokanso chimakhala chachikulu. Mayi amene akuti "ndidzapita kwa a mano ndikagulitsa nandolo," kenako "ndikakolola mpunga," akusewera ndi chiuno chake. Ngati ulendo wa kwa a mano ukuchedwa pa zifukwa zosapeweka, abwerere kwa dokotala wa mafupa akamuuze. Nthawi zambiri dokotala adzasankha kuyambitsa mankhwala mano akukonzedwa, chifukwa m'miyezi yoyambirira chiopsezo cha nsagwada chimakhala chochepetsetsa. Chimakwera pang'ono zaka zikamapita.

Cholakwika china ndi chosiyana ndi chimenechi. Munthu wamva nkhaniyi, ndiye akuti, "Ingondizulani onse ndipumule." Ayi, agogo. Dzino labwino silizulidwa chifukwa cha mantha. Dzino lililonse lotsala ndi lomwe likutafunirani matemba. Ndiponso dzino likachoka, fupa la nsagwada pamalopo limayamba kufota, chifukwa silikugwiranso ntchito. Mano oikirira amathandiza, koma ngati akukhula usinini n'kusiya zilonda, iwonso angathe kuyambitsa vuto lomwe lija la nsagwada. Okhula abwezedwe kwa amene adawapanga akawakonze.

Nanga amene adayamba kale mankhwala, lero dzino lamupweteka usiku, tsaya latupa?

Choyamba, asadzisiyitse yekha mankhwala. Alendronate ndi zoledronic acid amakhazikika m'fupa kwa zaka. Kusiya sabata ino kuti uzule sabata yamawa sikuchotsa kanthu m'nsagwada. Jakisoni wa denosumab ndiye woopsa kumudumphitsa. Mphamvu yake ikatha popanda china cholowa m'malo, timaselo tochotsa fupa timadzuka mwaukali, ndipo timafupa ta msana tingathe kuphwanyika tingapo nthawi imodzi. Zosiya kapena kupumira mankhwala ndi za dokotala. Iwo eni amaunikanso patatha zaka pafupifupi zisanu za mapiritsi, kapena zitatu za diripi.

Chachiwiri, asasunge dzino lowola poopa kuzula. Mafinya okhala m'tsinde mwa dzino miyezi ndi miyezi nawonso amadwalitsa nsagwada. Dzino lofunika kuzula lizulidwe, ngakhale munthu ali pa mankhwala. Koma lizulidwe kuchipatala, ndi munthu wodziwa, amene wauzidwa zonse. Akadziwa amazula mofatsa, amasalaza fupa losongoka, mwina amasoka usinini, ndipo amapereka tsiku lobwereranso kudzaona chilonda. Zomangirira ulusi, kapena kugwiritsa ntchito zitsulo zokonzera njinga, zisachitike n'komwe. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Zothira madzi a batire kapena kufinyira fodya m'dzino lobooka zimangowotcha usinini, dzinolo osachira.

Chachitatu ndi buku la kuchipatala. Kabuku kameneka ndi kamene kamalumikiza dokotala wa mafupa wa ku Blantyre kapena ku Zomba ndi wa mano wa ku Migowi, anthu omwe mwina sadzaonana maso ndi maso. Dzina la mankhwala lilembedwemo, ndi tsiku loyambira. Diripi ya kamodzi pa chaka ndi yosavuta kuiiwala. Munthu akafunsidwa kuti "mukumwa mankhwala aliwonse?" amayankha kuti ayi, chifukwa palibe chomwe akumeza. Chonsecho mankhwala ali m'mafupa mwake. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nenani zonse, ngakhale za zaka zitatu zapitazo.

Mawu apadera apite kwa inu muli ku Joni. Mabanja ambiri a ku Phalombe ali ndi mwana ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town. Mwana wachikondi akamva kuti amayi akudandaula msana, amafuna kutumiza chilichonse chomwe wamva kuti chimathandiza. Mtima ndi wabwino. Koma mapiritsi a mafupa si Panado. Sayenera munthu amene impso zake zafooka, kapena amene amavutika kumeza. Thupi liyeneranso kukhala ndi kashiamu ndi vitamini D wokwanira asanayambe. Ngati phukusi lafika kale, lisatsegulidwe pakhomo. Lipite kuchipatala pamodzi ndi mwini wake. Ndipo inu otumiza, onjezanipo ya kabaza yokafikitsa amayi kwa a mano.

Kwa odwala khansa nkhaniyi ndi yolemera kwambiri. Amene akupita ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo auzidwa za diripi yolimbitsa mafupa, afunse tsiku lomwelo za kuonedwa m'kamwa. Kwa iwo kukonza mano asanayambe si chinthu chongowonjezera. Ndi mbali ya chithandizo chenichenicho.

Wina afunsa kuti, zonsezi n'zabwino, koma a manowo ali kuti? Funsoli ndi loona. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Ochepa omwe analipo adaphunzira kunja, ndipo ambiri ankagwira ntchito m'mizinda. Ntchito ya m'maboma yakhala pamapewa a akatswiri othandiza za mano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Odwala nawo amafika mochedwa, dzino litatheratu, moti chotsala chimakhala kuzula basi. Mtunda ndi umene umachedwetsa ambiri. Anthu a kwa Nkhulambe akudziwa bwino zimenezi, chifukwa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adawononga chipatala chawo pamodzi ndi misewu.

Komabe zinthu zikusuntha. Mu 2019, sukulu ya madokotala ya ku Blantyre, yomwe lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Gulu loyamba lidamaliza mu 2025. Mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa. Chaka chomwecho Phalombe idalandira chipatala chake chachikulu, John Chilembwe Hospital ku Migowi, kuwonjezera pa Holy Family chomwe chatumikira anthu kwa zaka zambiri. Chimene chikufunika tsopano n'chakuti zipinda ziwiri za m'chipatala chimodzi zizilankhulana. Woika chikhakha pamkono wa agogo aziwafunsa kuti, "Agogo, mudagwa bwanji? Nanga mano ali bwanji?" Wozula dzino la mayi wopindika msana azifunsa ngati mayiyo adathyokapo fupa. Mafunso amenewa safuna makina kapena ndalama za boma. Amafuna mphindi imodzi.

Pakhomo napo ntchito ilipo. Mano atsukidwe kawiri pa tsiku, makamaka usiku pokagona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Wogwiritsa mswachi wa mtengo apitirize, koma aufewetse bwino nsonga kuti usabaye usinini. Makala ndi mchenga zimapala dzino mpaka kulipyapyalitsa. Fodya, wosuta ngakhale woika m'kamwa, amawononga mbali zonse ziwiri, usinini ndi mafupa, ndipo amachedwetsa chilonda kupola. Wa matenda a shuga asamale kawiri, chifukwa shuga wokwera amakulitsa matenda a usinini. Ndipo fupa lofooka silithyoka lokha m'chiuno, limadikira kugwa. Njira ya kuchimbudzi isalazidwe, agogo akhale ndi tochi ndi ndodo, ndipo ngati maso achita ng'ala apite nawo kuchipatala.

Pomaliza, zizindikiro zoti munthu wa pa mankhwala a mafupa asazilekerere. Chilonda cha pozula dzino chimayenera kutseka m'masabata ochepa. Ngati papita miyezi iwiri chisanapole, abwerere. Ngati lilime likukhudza kanthu kolimba kokhakhala, kapena fupa likuoneka loyera kapena lachikasu pausinini, abwerere. Ngati pakutuluka mafinya, kapena mlomo wam'munsi wachita dzanzi, asadikire n'komwe miyezi iwiriyo. Apite ku Migowi kapena ku Holy Family, buku la kuchipatala lili m'manja, ndipo ngati pafunika akatswiri a nsagwada, a kumeneko adzamulembera kalata yopita nayo ku Queen Elizabeth.